Dipatimenti ya pa yunivesite ikafuna kulemba kampani yoipangira webusaiti: mafunso ndi mayankho

Mmalawi wokhala ku Girrawheen, kumpoto kwa mzinda wa Perth ku Western Australia, akafuna kupitiriza sukulu pa Edith Cowan University ku Joondalup, kapena ku Curtin ndi ku Murdoch, amafunsidwa zinthu zimene kumudzi sankaziganizira. Kosi imene munachita ku Zomba kapena ku Bunda inali ndi chiyani mkati mwake? Inkatenga maola angati pa sabata? Amene angatsimikize zimenezi ndani, ndipo imelo yake ndi iti? Koyamba kothamangira ndi pa webusaiti ya dipatimenti yake yakale. Akapeza tsamba losatseguka, kapena mndandanda wa aphunzitsi amene ena anapuma pa ntchito kalekale, digiri yake yabwinobwino imayamba kukayikitsa pamaso pa anthu amene sanamvepo za Chirunga.

Ena mwa Amalawi a kunjaku ndi akatswiri a makompyuta, ndipo ndi omwewo amene amalandira uthenga wa pa WhatsApp kuchokera kwa mphunzitsi wawo wakale wakuti, "Iwe si umadziwa zamawebusaiti, tatithandiza." Mayankho ali m'munsiwa akukhudza onse awiri, mkulu wa dipatimenti amene akufuna kulemba munthu ntchito ndi katswiri amene akufuna kuilandira.

Yunivesite ili kale ndi webusaiti. Kodi dipatimenti ikufunikiradi yakeyake?

Nthawi zambiri ayi. Chimene dipatimenti imasowa ndi malo ake amene ingathe kusintha yokha popanda kulemba memo ndi kudikira milungu itatu. Malowo akhoza kukhala masamba angapo mkati mwa webusaiti ya yunivesite, pansi pa dzina lodziwika kale monga unima.ac.mw, mubas.ac.mw, kuhes.ac.mw, luanar.ac.mw, must.ac.mw kapena mzuni.ac.mw. Ku Perth ndi mmene zimakhalira kawirikawiri: sukulu ya unamwino kapena ya zamalamulo mumaipeza pansi pa ecu.edu.au kapena uwa.edu.au, ndipo dzina lothera ndi edu.au silipatsidwa kwa aliyense koma kwa mabungwe a maphunziro ovomerezeka. Wowerenga akaona dzinalo amadziwa kuti sakubedwa.

Choncho khomo loyamba kugogoda ndi la ofesi ya ICT ya yunivesite yanu. Ndikudziwa chimene ambiri ayankhe: a ICT ndi ochepa, atanganidwa ndi kalembera wa ophunzira, Moodle ndi Wi-Fi, ndipo pempho la dipatimenti limagona mu thireyi. Dandaulo limeneli ndi loona m'malo ambiri, ndipo ndi chifukwa chomveka cholembera kampani ya kunja kwa mpanda. Koma kulemba kampani ndi chilolezo cha a ICT n'kosiyana kwambiri ndi kuwazemba. Mukawazemba, tsiku limene webusaitiyo idzagwe adzakuuzani mwaulemu kuti sakuidziwa, ndipo adzakhala akunena zoona.

Pali nthawi zina pamene webusaiti yapadera imafunikadi, mwachitsanzo pulojekiti ya kafukufuku ya mayunivesite angapo imene opereka thandizo akufuna kuti zotsatira zake zipezeke pamalo amodzi. Ngakhale pamenepo, pemphani kuti dzina lake likhale nthambi ya dzina la yunivesite.

Bwanji osangopatsa ophunzira a Computer Science kuti apange ngati pulojekiti ya chaka chomaliza?

Ophunzira ambiri angathe kupanga webusaiti yokongola kuposa ya makampani ena a ku Ginnery Corner. Vuto ndi lakuti amamaliza sukulu. Mnyamata amene anaipanga akapeza ntchito ku banki ku Lilongwe, nambala yake ikasintha, pasiwedi imapita naye. Ngati mukufuna njira imeneyi, pakhale wogwira ntchito wokhazikika amene akuyang'anira, ndipo zonse zimene zili m'munsimu za makiyi ndi umwini zitsatidwe ngati mmene mungachitire ndi kampani. Komanso muwalipire ophunzirawo.

Kodi mkulu wa dipatimenti angathe kungosankha kampani imene akuidziwa n'kusaina nayo?

Pa yunivesite ya boma, ayi. Ndalama za yunivesite ya boma ndi ndalama za boma, ndipo kagulidwe kake kamatsata malamulo amene amayang'aniridwa ndi bungwe la Public Procurement and Disposal of Public Assets Authority, limene ambiri amangoti PPDA. Bungwe lililonse la boma limakhala ndi komiti yake yoona zogula, imene m'maofesi amaitchula kuti IPDC, ndi ofesi ya procurement. Dipatimenti ntchito yake ndi kulemba chimene ikufuna. Oitanitsa makoteshoni, owayerekeza ndi osaina mgwirizano ndi ena. Pa ntchito yaing'ono ngati webusaiti ya dipatimenti, njira yofala ndi yoitanitsa makoteshoni osachepera atatu kuchokera kwa makampani olembetsedwa ku PPDA, okhala ndi TPIN ndi kalata ya MRA yosonyeza kuti alibe ngongole ya msonkho.

Anthu amadandaula kuti njirayi imachedwa, ndipo imachedwadi. Koma pali zinthu ziwiri zimene zimagwetsa anthu m'mavuto akafuna kuidula. Choyamba ndi makoteshoni atatu ochokera m'thumba limodzi: munthu mmodzi kubweretsa mapepala a makampani atatu, awiri okwera dala kuti wachitatu apambane. Oona za mabuku a ndalama amazizindikira msanga, chifukwa kalembedwe ndi zolakwitsa za m'mapepalawo zimafanana. Chachiwiri ndi kuduladula ntchito imodzi kuti chidutswa chilichonse chikhale pansi pa malire a ndalama, lero kulipira "design", mwezi wamawa "development", ngati kuti ndi ntchito zosiyana. Malamulo amaletsa zimenezi. Ndipo ngati mwini kampani ndi mlamu wanu, nenani poyera ndi kutuluka pamene ena akusankha.

Ndalama zikakhala za opereka thandizo, onaninso malamulo awo, chifukwa ambiri ali ndi awoawo owonjezera pa a boma. Mayunivesite amene si a boma, monga a mipingo, sali pansi pa PPDA, koma ali ndi makomiti awo, ndipo mkulu wa dipatimenti amene wasaina yekha mgwirizano m'dzina la yunivesite akhoza kupezeka kuti ngongoleyo yasanduka yake.

Tilembe chiyani pa pepala lofotokoza ntchito?

Apa ndi pamene madipatimenti ambiri amalephera ntchito isanayambe. Pepala longoti "tikufuna webusaiti yamakono" limabweretsa makoteshoni atatu osayerekezeka, wina K800,000, wina K9 miliyoni, aliyense akulota webusaiti yake.

Yambani ndi funso lakuti adzatsegule tsambali ndani. Wophunzira wa Fomu 4 ku Mchinji akufuna kudziwa magiredi a MSCE ofunika pa kosi yanu. Kholo likufuna kudziwa fizi, ndi kutsimikiza kuti kosiyo ndi yovomerezeka ndi National Council for Higher Education. Pulofesa wa ku Norway akufunafuna mnzake wochita naye kafukufuku wa nsomba za m'nyanja ya Chilwa, ndipo akufuna mayina, zimene aliyense anasindikiza ndi imelo yogwira ntchito. Mnzathu wa ku Girrawheen uja akufuna mafotokozedwe a makosi a zaka khumi zapitazo. Mukalemba anthu anayiwa ndi zofuna zawo, mwalemba kale theka la ntchito.

Kenako nenani mwachindunji: masamba angati, ndani alembe mawu ake, ndani ajambule zithunzi, ndani adzaphunzitsidwe kusintha zinthu ndipo kwa masiku angati. Nkhani ya mawu musaipeputse. Kampani singalembe mbiri ya aphunzitsi anu kapena kufotokoza kosi ya Soil Science. Mawebusaiti ambiri amachedwa chifukwa aphunzitsi sanatumize ma CV awo, kampani n'kumadikira, miyezi n'kumapita, kenako aliyense n'kuloza chala mnzake. Sankhani munthu mmodzi wa m'dipatimenti wotolera zonsezi, ndipo mkulu wa dipatimenti amupatse mphamvu yokakamiza anzake, ngakhale mapulofesa.

Lembaninso kuti tsamba liyenera kutseguka bwino pa foni yotchipa ya Itel kapena Tecno, pa netiweki ya TNM kapena Airtel kutali ndi tauni. Amalawi ambiri amafika pa intaneti kudzera pa foni, ndi bandulo yowerengera. Kanema wodziyambitsa yekha patsamba loyamba ndi zithunzi zolemera za nyumba zapakampasi zimasangalatsa komiti imene ikuonera pa projekita m'chipinda chamisonkhano, koma zimadya bandulo ya mwana wa ku Mchinji asanaone n'komwe magiredi amene amafuna.

Anthu amati chofunika kwambiri ndi "makiyi". Makiyi ake ati?

Palibe amene amalola mmisiri womanga nyumba kupita ndi makiyi ndi mapepala a malo atamaliza kufolera, koma pa mawebusaiti zimenezi zimachitika tsiku ndi tsiku, chifukwa makiyi ake saoneka ndi maso. Alipo anayi.

Woyamba ndi dzina la webusaiti, domeni. Dzina limabwerekedwa chaka ndi chaka, ndipo mwini wake ndi amene dzina lake ndi imelo yake zinalembedwa polembetsa. Kampani ikalembetsa dzina la dipatimenti yanu lothera ndi .com kapena .org pa akaunti yake, dzinalo ndi lake. Ikaiwala kulipira, kapena mukayambana, dzinalo limatha, ndipo wina aliyense padziko lapansi akhoza kuligula n'kuikapo zotsatsa juga, pamene mapepala a kafukufuku a aphunzitsi anu akulozabe kumeneko. Mayina othera ndi .mw amayendetsedwa ndi Malawi SDNP, ndipo nthambi ya dzina la yunivesite imaperekedwa ndi a ICT popanda dipatimenti kulipira kalikonse kwa ogulitsa mayina akunja. N'chifukwa chake ndinalimbikira za khomo loyamba lija.

Wachiwiri ndi hosting, kompyuta imene webusaiti imakhalapo. Ikhoza kukhala seva ya yunivesite, kapena yobwereka ku South Africa, ku Europe kapena ku America. Seva ya pakampasi imafuna magetsi osazima, ndipo tonse tikuwadziwa magetsi a ESCOM. Yobwereka kunja imafuna madola. Kulikonse kumene mungasankhe, akaunti ikhale m'dzina la yunivesite, ndi imelo ya ofesi imene sidzachoka munthu akasiya ntchito. Gmail ya munthu isalowepo.

Wachitatu ndi pasiwedi ya woyang'anira wamkulu. Makampani ena amapereka akaunti yongosinthira mawu, yaikulu n'kusunga okha, kuti chilichonse chachikulu muzibwerera kwa iwo ndi ndalama. Wachinayi ndi umwini wa ntchito yeniyeniyo, code yake, maonekedwe ake ndi zithunzi. Ku Australia, lamulo la Copyright Act la 1968 limasiya umwini wa ntchito yotere m'manja mwa kontrakitala amene anaipanga pokhapokha atausamutsa polemba ndi kusaina. Kulipira kokha sikusamutsa umwini. Kaya kampani ndi ya ku Perth kaya ya ku Blantyre, ikani chiganizo chimenechi mu mgwirizano, pamodzi ndi chonena kuti kampani idzapereka kope yathunthu ya webusaiti ndi database yake nthawi iliyonse mukapempha.

Ubwino wosunga makiyi unaoneka mu May 2021, pamene University of Malawi yakale inagawidwa. Chancellor College inatsala ndi dzina la University of Malawi, Polytechnic inasanduka MUBAS, ndipo College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing zinaphatikizana kukhala KUHeS. Ma adiresi akale monga cc.ac.mw, poly.ac.mw ndi medcol.mw anayenera kulowedwa m'malo ndi atsopano, ma logo anasintha, ndipo ku Zomba mafakote anakonzedwanso kukhala masukulu. Dipatimenti imene tsamba lake lili mkati mwa webusaiti ya yunivesite imasamuka pamodzi ndi onse pa nthawi ngati imeneyi. Imene tsamba lake lili pa akaunti ya kontrakitala amene foni yake sikupezekanso imatsala ikudzitchula dzina la koleji imene kulibenso.

Chitsanzo chachikulu kuposa webusaiti ndi cha mapasipoti. Boma linathetsa mgwirizano wake ndi kampani ya Techno Brain, imene inkayendetsa makina a mapasipoti, mu December 2021, ndipo mu February 2024 Pulezidenti wa nthawiyo Lazarus Chakwera anauza Nyumba ya Malamulo kuti makina a mapasipoti alowedwa ndi akuba a pa intaneti amene akufuna dipo. Kusindikiza mapasipoti kunaima kwa milungu, ndipo Amalawi a kunja amene mapasipoti awo amatha anamva kuwawa kwake. Pa nkhani yonseyo, funso limene anthu ankafunsana linali lakuti boma lenilenilo linali ndi mphamvu zochuluka bwanji pa makina ake. Dipatimenti ya anthu khumi ndi asanu iyenera kudzifunsa funso lomwelo isanasaine.

Mtengo woyenera ndi ndalama zingati?

Palibe nambala imodzi, ndipo amene angakupatseni nambala asanaone pepala lanu la zofuna akungoponya. Chofunika ndi kupempha kuti koteshoni igawe zinthu ziwiri: ndalama yolipira kamodzi yopangira, ndi ndalama za chaka ndi chaka za hosting, dzina, ziphaso za mapulogalamu olipira ndi kukonza zowonongeka. Madipatimenti amapeza ndalama yoyambayo, kawirikawiri kuchokera ku pulojekiti, n'kuiwala yachiwiri. Pulojekiti ikatha, webusaiti imafa chaka chotsatira.

Ndalama za chaka ndi chaka zambiri zimalipiridwa m'madola. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, ndiponso ndi 44 peresenti mu November 2023, pamene dola inachoka pa pafupifupi K1,180 kufika pa pafupifupi K1,700 ku banki. Bajeti ya hosting imene inalembedwa m'makwacha mu October chaka chimenecho inali yoperewera pofika Khirisimasi, ndipo kupeza madolawo ku banki ndi nkhani inanso. Mgwirizano unene amene adzasenze kusiyana kumeneku.

Musalipire zonse poyamba. Gawani malipiro motsata ntchito yooneka: gawo lina maonekedwe akavomerezedwa, lina webusaiti ikayesedwa, ndipo lomaliza, lokulirapo ndithu, makiyi onse akaperekedwa. Komanso kampani ikonze kwaulere zolakwika zake kwa miyezi ingapo webusaiti itatsegulidwa. Ndinenenso mbali inayo, poti makampani nawonso ali ndi madandaulo oona: mabungwe a boma amachedwa kulipira, ndipo kampani yaing'ono ya achinyamata atatu singadikire miyezi isanu ndi umodzi. Amene akufuna ntchito yabwino alipire pa nthawi yake.

Ndili ku Girrawheen, ndimapanga mawebusaiti, ndipo dipatimenti yanga yakale yandipempha. Ndivomere?

Vomerani, koma musankhe msanga ngati ndi mphatso kapena ntchito yolipidwa, chifukwa zapakatikati ndi zimene zimadanitsa anthu. Ngati ndi yolipidwa ndi ndalama za yunivesite ya boma, mudzadutsa njira ya procurement ngati wina aliyense, ndipo nambala yanu ya bizinesi ya ku Australia (ABN) siilowa m'malo mwa mapepala a PPDA ndi MRA. Kutumiza malipiro kunja kudzafuna madola amene yunivesite ingavutike kuwapeza. Ambiri amaona chapafupi kugwira limodzi ndi kampani yolembetsedwa ku Malawi, imene ingathenso kupita ku dipatimenti kukaphunzitsa anthu maso ndi maso.

Ngati ndi mphatso, ilembedwebe. Kalata ya tsamba limodzi yonena zimene mudzachite, pamene mudzalekezere ndi amene adzalandire makiyi ndi yokwanira. Popanda kalatayo mudzakhala woyang'anira webusaitiyo moyo wanu wonse, mukulandira mauthenga a "tsamba lagwa" pakati pa usiku. Kumbukirani kuti Perth ili patsogolo pa Malawi ndi maola 6 chaka chonse, poti Western Australia sisintha mawotchi ake nyengo yotentha. Ofesi ya ku Zomba ikamatsegula 8 koloko m'mawa, kwa inu ndi 2 koloko masana, ndipo vuto la 4 koloko madzulo kumudzi limakupezani 10 koloko usiku.

Chinanso: intaneti ya NBN ya m'nyumba mwanu idzakunamizani. Tsamba limene kwa inu likutseguka m'kuphethira kwa diso likhoza kutenga mphindi yathunthu ku Ntcheu. Pemphani m'bale wanu kumudzi aliyese pa foni yake. Ndipo musalipire hosting ndi khadi lanu la banki pa akaunti yanu, ngakhale mukuchita mwachifundo. Tsiku limene khadilo lidzathe, webusaiti ya dipatimenti idzatha nalo.

Za anthu osaona zikubwera bwanji pa nkhani ya webusaiti?

Mayunivesite athu ali ndi ophunzira ndi aphunzitsi osaona, amene amawerenga intaneti ndi pulogalamu yowawerengera mokweza zimene zili pa sikirini. Imodzi yotchuka, yaulere, ndi NVDA, imene inayambitsidwa mu 2006 ndipo inakula m'manja mwa anyamata awiri osaona a ku Australia, Michael Curran ndi James Teh. Pulogalamu yotere singawerenge chithunzi. Ndandanda ya mayeso ikajambulidwa ndi foni n'kuikidwa patsamba ngati chithunzi, kwa wophunzira wosaona palibe chimene chaikidwa.

Mlandu wodziwika kwambiri pa nkhaniyi unachitikira ku Australia komweko. Mu 1999 Bruce Maguire, munthu wosaona, anakadandaula ku Human Rights and Equal Opportunity Commission kuti webusaiti ya masewera a Olympics a ku Sydney a 2000 sankatha kuigwiritsa ntchito. Webusaitiyo inapangidwa ndi IBM, imodzi mwa makampani aakulu a makompyuta padziko lonse. Komiti yokonza masewerawo, SOCOG, inati kukonza kungadye nthawi ndi ndalama zambiri, koma Commission inakana chifukwa chimenecho, inapeza kuti lamulo la Disability Discrimination Act la 1992 laphwanyidwa, ndipo inalamula kuti Maguire apatsidwe madola a ku Australia 20,000. Amene anayankha mlandu ndi SOCOG, eni webusaiti, ngakhale opanga anali ena. Kulemba kampani sikuchotsa udindo pa mwini.

Njira yake ndi yapafupi: lembani mu mgwirizano kuti webusaiti ikwaniritse muyezo wa WCAG pa mlingo wa AA. Mtundu wa 2.1 unatuluka mu 2018 ndipo wa 2.2 mu 2023. Kampani imene sinamvepo za WCAG yakuuzani kale zambiri za luso lake. Pomaliza pemphani wophunzira wosaona wa pakampasi panu kuti aiyese, ndipo mumulipire nthawi yake.

Ndi tsamba la dipatimenti chabe. Akuba a pa intaneti angafunepo chiyani?

Safuna tsambalo. Amafuna khomo lolowera. Mu June 2019 Australian National University ku Canberra inalengeza kuti akuba analowa m'makina ake n'kufikira mbiri za anthu pafupifupi 200,000, zina za zaka 19 zapitazo. Lipoti limene yunivesiteyo inatulutsa linasonyeza kuti zinayamba mu November 2018 ndi imelo yachinyengo, ndipo pa masitepe oyambirira akubawo anadutsira pa seva ya webusaiti ya imodzi mwa masukulu a yunivesiteyo ndi pa seva ina yakale. Ngati zinachitika pa yunivesite yolemera chotere, seva yoiwalika ya dipatimenti imene palibe waikonza kwa zaka zitatu ndi khomo losatseka.

Choncho funsani kampani mafunso awa: ndani adzaike zokonza za chitetezo mwezi ndi mwezi, kope yosungira idzatengedwa kangati ndipo idzasungidwa kuti, ndipo chiphaso cha https chidzadzikonzanso chokha kapena ayi. Chiphasochi chimapezeka kwaulere ku Let's Encrypt, choncho chikaoneka pa koteshoni ndi mtengo waukulu, funsani chifukwa chake.

Langizo langa lalikulu pano ndi lakuti webusaiti ya dipatimenti isatolere zinthu zimene sikuzifuna. Malawi ili ndi Electronic Transactions and Cyber Security Act ya 2016, ndipo Data Protection Act inayamba kugwira ntchito mu 2024, woyang'anira wake ndi MACRA. Fomu yofunsa nambala ya chiphaso cha unzika, zotsatira za mayeso kapena za umoyo wa wophunzira ikukuikani pansi pa malamulo amenewa. Zoterezi zisiyeni ku makina a Registrar. Ndipo chizolowezi chopachika pa intaneti mndandanda wa mayina, manambala ndi magiredi a ophunzira chitheretu.

Kampani ina ikuti WordPress, ina ikuti itipangira pulogalamu yathuyathu kuyambira pansi. Tisankhe iti?

Funsani a ICT chimene amagwiritsa ntchito, n'kusankha chomwecho. Ngati alibe chokonda, WordPress, Drupal kapena Joomla zili bwino, chifukwa odziwa kuzikonza ndi ambiri. WordPress yokha imayendetsa mawebusaiti oposa 40 pa 100 aliwonse padziko lapansi, ndipo ku Blantyre, ku Lilongwe ndi ku Mzuzu simungasowe woidziwa. Pulogalamu imene kampani yadzipangira yokha amaidziwa ndi iyo yokha, ndipo mukasiyana nayo mumayambiranso pachiyambi.

Tiikepo Chichewa?

Masamba a makolo, inde: fizi, masiku otsegulira, njira yofunsira malo, kumene angaimbe foni. Dipatimenti ya zaulimi kapena zaumoyo imene kafukufuku wake ndi wa anthu a kumudzi ili ndi chifukwa chinanso chochitira zimenezi, ndipo kumpoto Chitumbuka chiganiziridwe. Koma alembe ndi munthu wodziwa chinenerocho. Ku Zomba kuli Centre for Language Studies ya University of Malawi, ndipo n'zochititsa manyazi kuti yunivesite ipachike Chichewa cha makina chosawerengedwa ndi munthu.

Kampani yati yamaliza. Tione chiyani tisanasaine kuti talandira?

Musasaine pa tsiku la chionetsero, kampani ikudinadina pa laputopu yake. Tengani sabata imodzi. Munthu wa m'dipatimenti amene anaphunzitsidwa alowe yekha, pa kompyuta ya mu ofesi, asinthe nambala ya foni, awonjezere mphunzitsi watsopano, achotse chilengezo chakale, popanda kuimbira kampani. Akalephera, maphunziro sanathe. Ndipo ophunzitsidwa akhale awiri, poti mmodzi adzapita kukachita PhD.

A ICT alowe ndi pasiwedi yaikulu, aisinthe, aone kuti dzina ndi hosting zalembedwa m'dzina la yunivesite, atenge kope yosungira n'kuyesa kuibwezeretsa pa seva ina. Kope imene sinayesedwe musaikhulupirire. Tsegulani tsamba lililonse pa foni, yesani fomu yolumikizirana kuti muone ngati uthenga ukufikadi kwa munthu wamoyo, ndipo fufuzani ngati mawu ongodzazira malo amene opanga amaika poyamba achotsedwa onse.

Chotsalira n'cha dipatimenti yokha, ndipo palibe kampani ingakuchitireni. Pa msonkhano woyamba wa semesita iliyonse, ikani webusaiti pa ajenda: ndani wachoka, ndani wabwera, kosi iti yasintha, fizi ili pati. Mafotokozedwe a makosi akale musawafufute, asungeni pa tsamba lawolawo ndi zaka zake, chifukwa amene anamaliza mu 2014 adzawafuna ali ku Perth kapena ku Johannesburg. Inu mkulu wa dipatimenti, ngati simunapeze dzina la munthu amene adzasamale webusaitiyi ndi mzere wa bajeti wa chaka chamawa, imitsani kaye zoitanitsa makoteshoni mpaka ziwirizi zipezeke.